Chidwalireni korona bambo akunyumba sakutha ntchito ya kuchipinda

Zikomo azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Blantyre kuno. Nkhani yangayi ndayisunga mumtima nthawi yaitali, koma pano yandikwana.

Amuna anga ankagwira ntchito mu resitilanti ku Joni. Lockdown itayamba mu March 2020 malo aja anatseka, iwo nkubwerako pa mabasi aja ankadzera pa Mwanza, atangonyamula chikwama chimodzi basi. Ndiye mu January 2021 muja maliro ankangomveka paliponse, korona inawagwira zolimba, masabata atatu ali gone kupuma movutikira, ine ndikuwafukiza bulugama usiku ndi usana. Mulungu ndi wabwino anachira.

Koma chichirireni azakhali, kuchipinda zinthu sizinabwererenso. Akati ayambe, mphindi ziwiri sizikwana mphamvu zathawa, amangotembenukira kukhoma osayankhula kanthu mpaka kucha. Pano amachita kudikira ndigone kaye ndiye azilowa, nthawi zina amagona pa mpando foni ili m'manja.

Chikundiwawa kwambiri nchakuti mlandu akuukankhira kwa ine. Akuti ndine ndinawakakamiza kukabayitsa katemera wa Johnson & Johnson wobaya kamodzi uja, ndiye ndi amene anawapha mphamvu, anzawo pa WhatsApp amatero. Chonsecho vutoli linayamba miyezi ingapo asanabayitse, ine ndikukumbukira bwinobwino, komanso alamu anga anabaya tsiku lomwelo ndipo kwawoko kwabadwa mwana wina. Ineyo ndimaona ngati ndi matenda aja kuphatikizapo maganizo, munthu amene ankatumiza ma rand mwezi ndi mwezi lero akudya za geni yanga ya kaunjika, sizingamusangalatse.

Gondolosi atafuna mpaka wawakola, pano ayamba timapilisi togula pamsika topanda ndi pepala lomwe, tsiku lina atamwa anadandaula mutu ndi mtima kuthamanga ine mantha. Ndikatchula za chipatala amakalipa, amvekere ukufuna dziko lonse lidziwe kuti ndinagwa mu mpapaya?

Ndine munthu nane, ndili ndi zaka 34 zokha, koma zoyenda njira sindikufuna ndipo amuna angawa ndimawakonda. Kodi korona imathadi kuchita zimenezi, nanga zimachizika? Ndiwauze ankhoswe, poti nkhoswe yawo ndi malume awo amene sasunga chinsinsi akalawa mowa? Kapena ndipite ndekha kaye kuchipatala ndikafunse?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Blantyre