Chilengezo kwa Mamembala: Tidzakambirana za Lillian Gish

Mamembala olemekezeka a gulu lathu la okonda mafilimu akale, tikukudziwitsani kuti pamsonkhano wa Loweruka likudzali tidzakambirana za moyo ndi ntchito ya Lillian Gish, katswiri wa zisudzo wa ku America amene anatchuka m'nthawi imene mafilimu analibe mawu.

Gish anabadwa mu 1893 ku Springfield, m'chigawo cha Ohio, ndipo anayamba kuchita zisudzo pamaso pa anthu akadali kamwana, pothandiza mayi ake kupeza zosowa za pakhomo. Mu 1912 mnzake Mary Pickford anamudziwitsa, pamodzi ndi mng'ono wake Dorothy Gish, kwa D. W. Griffith, wotsogolera kujambula mafilimu ku kampani ya Biograph. Tidzaonera chigawo cha filimu ya Way Down East ya 1920, pamene Lillian anagona pachigumu cha madzi oundana chimene chinkayandama pamtsinje, dzanja ndi tsitsi lake zili m'madzi ozizira koopsa, moti dzanjalo linamuvutitsa mpaka ukalamba. Tikupempha kuti mudzayang'anitsitse maso ndi manja ake, chifukwa m'menemo ndi mmene munali luso lake lonse lofotokoza mantha ndi chisoni popanda kutulutsa liwu.

Sitidzabisa kuti anasewera mu The Birth of a Nation ya 1915, filimu yonyoza anthu akuda ndi kutamanda gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan, ndipo nkhani yowawa imeneyi tidzaikambirana mosapsatira mawu. Mu 1930 anabwerera ku zisudzo za pasiteji, filimu yake yomaliza inatuluka mu 1987, ndipo anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 99.

Chonde mudzafike pa nthawi yathu ya masiku onse, pamalo omwe aja, kuti tidzayambe limodzi.