Zikomo kwa mayi wa ku chipinda cha CT scan pa Kamuzu Central

Kwa Mkulu wa Dipatimenti Yojambula Odwala,
Chipatala cha Kamuzu Central, Lilongwe.

Bwana,

Ndikulemba kuchokera ku Senga Bay, kuno ku Salima, kuthokoza mayi mmodzi wa ku chipinda chanu cha CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi, amene anatilandira ine ndi bambo anga mwezi wathawu. Dzina sindinafunse, mutu unali utabalalika tsiku lija.

Bambo anadwalapo TB, anamwa mankhwala miyezi 6 yonse, n'kuuzidwa kuti achira. Koma chifuwa sichinathe. M'mawa uliwonse makhololo ochuluka, pena osakanikirana ndi magazi. Tayenda, bwana. Kwina ankangolemba m'buku la kuchipatala mankhwala omwe aja osatukula n'komwe mutu. Kwina anayeza makhololo, TB osaipeza, basi akuti bwererani. Kwina chithunzi cha X-ray chinasowa, akuti mubwere Lachinayi, Lachinayi tikupeza chitseko chotseka. Chimene chimandiwawabe n'chakuti pamalo ena bambo, munthu wa imvi, anakalipiridwa pagulu chifukwa sanamve funso la m'Chingerezi. Pokwera minibasi pa Kamuzu Road, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndinali nditakonzeka kale kubwezedwa.

Mayi uja anayamba ndi moni. Anawerama n'kufunsa, "Agogo, mwayenda bwanji kuchokera kunyanja?" Ataona zotsatira za magazi zosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, anawafotokozera za mankhwala a ayodini omwe amalowetsa mumtsempha wa pamkono kuti mitsempha ya magazi iwale pachithunzi. Kenako anatsitsa mawu, kuti ine mwana wawo ndisamve bwino, n'kuwauza kuti thupi lonse litentha pang'ono, m'kamwa mumveka ngati chitsulo, ndipo amva ngati adzikodzera koma sichoncho, asachite manyazi. Izi anandiuza ndi bambo okha tili m'minibasi pobwerera. Anati akanapanda kuchenjezedwa akanadzuka pakati pa makina aja. Kugwira mpweya anayeserera nawo katatu, iye akugwiranso wake, mpaka bambo anaseka. Pojambula penipeni anawalankhula yekha m'Chichewa: "Kokani mpweya, gwirani, pumani tsopano agogo."

Zitatha, ndinafunsa mwamantha ngati tingaone. Sanandinyoze. Anati matenda adzanena ndi adokotala, iye angotionetsa mmene zithunzi zimakonzedwera. Makina aja amajambula chifuwa m'magawo opyapyala ambirimbiri, ngati buledi wodulidwa, ndipo kompyuta imatha kuwasanjikiza n'kuwadulanso mbali ina, munthu osajambulidwanso. Anadina pena, kompyuta inasankha zowala kwambiri zokha, MIP akuti, mitsempha ya magazi inaoneka yoyera ngati nthambi za mtengo wopanda masamba. Anadinanso, inasankha zakuda kwambiri zokha, MinIP, apo panatuluka mtengo wina wakuda, njira za mpweya. Bambo anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ndiye zonsezi zili mwa ine?"

Adokotala anadzatifotokozera kuti m'mapapo mtsempha wa magazi ndi kanjira ka mpweya zimayendera limodzi, kukula kwake kofanana. Kwa bambo, tinjira tina tinatanuka n'kuposa mtsempha, chipsera chimene TB inasiya, ndipo makhololo amadikha m'menemo. Dzina lake akuti bronchiectasis. Sizibwerera mwakale, koma TB ilibe, khansa ilibe, ndipo tinaphunzitsidwa magonedwe othandiza kutulutsa makhololo. Usiku umenewo ndinagona tulo koyamba patapita nthawi.

Odwala panja anali ambiri, mayiyu sanali pa tchuthi, koma mphindi zochepa zija anazipeza. Ena amene tinakumana nawo m'zaka ziwirizi nthawi anali nayo yochuluka kuposa iye.

Chonde mumufufuze, anali pa ntchito m'mawa, wovala magalasi. Mumuuze kuti agogo a kunyanja aja akupeza bwino, ayambanso kupita kudoko kukasoka maukonde, ndipo akuti tsiku lobwera kudzaonana ndi adokotala adzadutsa ku chipinda chake cha CT scan kudzapereka moni.

Ine wanu,
Mwana wa wodwala,
Senga Bay, Salima.