Kusunga zinkhanira si ufiti, ndiloleni ndifotokoze

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ine ndimakhala kuno ku Kasungu mbali ya ku Santhe, ndimalima fodya ndi soya ngati wina aliyense, koma pali chinthu chimodzi chomwe chandidanitsa ndi anthu pamudzi pano: ndimasunga zinkhanira. Eya, zinkhanira zomwezi zoluma zija. Ndili nazo 7 zikuluzikulu, chilichonse mukontena yakeyake yapulasitiki, pashelefu m'kachipinda kokiya kuseri kwa chigafa.

Mwezi wathawu mwana wa neba wanga anadwala, kuchipatala anamupeza ndi malungo, anamwa mankhwala mpaka anachira bwinobwino, koma mphekesera inali itawanda kale kuti akuti ine ndimatuma zinkhanira usiku kukayamwa anthu magazi. Nkhani inakafika kwa amfumu, ndinakhala pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndikufotokoza, mayi a kunyumba akuchita kulira ndi manyazi chifukwa ngakhale kumjigo anzawo anasiya kuwalonjera. Zinandiwawa kwambiri ndipo zikundiwawabe. Anthu adziwe kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma ine sindikufuna zotengerana kukhoti ndi abale anga omwe timakwirira nawo maliro limodzi, ndangoti ndilembe kuti mwina ena amvetse.

Zosunga zinkhanirazi ndinazionera ku Joni. Ndinagwirako ntchito m'minda ya mphesa kufupi ndi Upington m'mbali mwa mtsinje wa Orange, dera louma zedi loyandikana ndi chipululu cha Kalahari. Kumeneko ukadzuka m'mawa chinthu choyamba ndi kukutumula jombo usanaponde, chifukwa kuli chinkhanira china chotchedwa Parabuthus granulatus chomwe ndi choopsa kuposa zonse kum'mwera kwa Africa kuno, chimapha ndithu makamaka ana. Mnyamata wina wa pafamupo ankazisunga m'magalasi ndipo ndi amene anandiphunzitsa chinthu chomwe ndikanakonda mwana wasukulu aliyense atachidziwa: yang'ana manja ndi mchira. Chikakhala ndi timanja towonda koma mchira wonenepa, thawa, mphamvu zake zonse zili mu ululu. Chikakhala ndi zimanja zikuluzikulu ngati nkhanu koma mchira wowonda, kawirikawiri ululu wake ndi wochepa, chimadalira kupana. Padziko lonse mitundu ya zinkhanira ndi yoposa 2,000 koma yomwe imatha kupha munthu ndi pafupifupi 25 basi.

Pobwerera kumudzi sindinatenge ngakhale chimodzi, kudutsa ndi zamoyo paboda popanda mapepala ndi mlandu komanso za kuchipululu kuno zikhoza kuvutika. Ichi ndi chomwe anyamata oonera mavidiyo pa TikTok sachidziwa. Chinkhanira cha m'chipululu mdani wake wamkulu ndi chinyontho. Tengani chija cha ku Arizona ku America chomwe azungu amakonda kusunga, Hadrurus arizonensis, chachikasu chaubweya chofika masentimita 14, chimenecho ukachiika ponyowa chimayamba timadontho takuda m'miyendo, ndi chuku chimenecho, mapeto ake chimafa. Koma ukaumitsanso kwambiri tiana take timakanika kufundula, timafera m'chikopa chakale, chifukwa kwawo kuja pamwamba pamatentha n'kuuma koma pansi pa una wake pamakhala kachinyezi pang'ono. N'chifukwa chake ngakhale akatswiri chimawavuta kuchiswetsa. Ndiye taganizani dzinja lathu lino, Januwale mvula ya mswera sabata yonse, chimanga m'nyumba chikuchita chuku, chinkhanira cha ku Arizona chingalimbe?

Zanga zonse ndi zakonkuno, zina ndinazipeza pophwasula uvuni wa njerwa, zina pansi pa nkhuni m'mwezi wa Okotobala, zomwe anthu akanangoziphwanya ndi chidendene. Mukontena ndimathira mchenga wosakaniza ndi dothi la pachulu, ndimanyowetsa kamodzi n'kutsendera kenako kuusiya uume gwa kuti chikakumba una usagumuke. Pamwamba phale la mphika wosweka loti chizibisala, kachitsekerero ka botolo kothira madzi, chivindikiro chobooledwa ndi singano yamoto, basi. Chakudya sichivuta, kachiwala kamodzi kapena mphemvu pa sabata, nthawi ya ngumbi ndiye chikondwerero, ndipo chikakhuta chimatha mwezi osadya kanthu. Ziwala za m'munda wa fodya wopopera mankhwala sinditola, ndinataya chimodzi chifukwa cha zimenezo ndipo ndinadandaula masiku angapo. Ndi manja sindigwira ngakhale pang'ono, ndili ndi chopanira chachitali, komanso ana saloledwa kulowa m'chipindamo ine palibe.

Koma abale, kuswana kwake ndi kumene kunanditenga mtima. Chachimuna chimagwira chachikazi manja onse awiri n'kumayenda nacho kutsogolo, m'mbuyo, cham'mbali, ngati akuvina, chikufunafuna pamalo posalala. Chikapeza mwala wabwino chimamata kathumba ka mbewu yake pamwalapo kenako n'kukokera chachikazi pamwamba pake. Ukapanda kuika mwala wafulati mukontenamo zimangozungulira usiku wonse osaphula kanthu. Zikatha umachotsa chachimuna msanga chingadyedwe. Kenako ndi kudikira, miyezi ndi miyezi, mpaka umayamba kukayika ngati zinathekadi. Chinkhanira sichiikira mazira ayi, chimabereka ana amoyo. Usiku wina ndinalowa ndi tochi ndinapeza tiana toyera mbee ngati timpunga tophika tikukwera m'miyendo ya mayi wake kupita pamsana, ndinawerenga 23, ndinakhala pansi penipeni pa simenti kuyang'ana mpaka tambala woyamba. Timakhala pamsanapo osadya mpaka titafundula koyamba, ndipo masiku amenewo sufunika kugwedeza kontena kapena kumangovundukula chifukwa mayi akasokonezeka amadya ana ake omwe. Tikatsika umatipatula kalikonse m'kabotolo kake, ukatisiya pamodzi timadyana. Amene amati chinkhanira chimadyedwa ndi ana ake pamsana anangoona tiana titaunjikana n'kuganiza choncho.

Tsono chomwe chinakolezera moto wa ufiti uja ndi ichi. Chinkhanira ukachiunika ndi tochi ya UV, ngati kaja amaonera ndalama zachinyengo m'mashopu, chimawala mobiriwira mumdima. Ndi chikopa chake chimachita zimenezo, ndipo chikangofundula kumene sichiwala mpaka chikopa chitalimba. Ndinaonetsa anyamata awiri mwa chisangalalo, iwo kukafika kwawo akuti tawona moto wa afiti. Chonsecho katochi komweko kakhoza kuthandiza mayi kuunika pansi pa mphasa ana asanagone.

Ndichenjezeko achinyamata omwe akumandiimbira kuti akufuna bizinesi ya ululu ati ndi mamiliyoni. N'zoona kuti asayansi amaugwiritsa ntchito, mu ululu wa chinkhanira chotchedwa Leiurus quinquestriatus cha kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East muli mankhwala otchedwa chlorotoxin omwe akufufuzira zotupa za mu ubongo, koma chinkhanira chimodzi chimatulutsa kadontho kosaoneka n'komwe, ndipo malabu sagula kwa munthu wofinyira m'botolo la Sobo. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti lipirani ndalama akuphunzitseni n'kukupezerani msika, sungani ndalama yanu mugule feteleza. Komanso musakalowe mu Kasungu National Park kukafukula miyala, zamoyo zonse m'menemo ndi zotetezedwa osati njovu zokha. Chinkhanira chakuda chachikulu cha ku West Africa, Pandinus imperator, chinalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, mu 1995 chifukwa anthu anachitola mopyola muyezo kukagulitsa kunja, sindikufuna zathu zione zomwezo. Wofuna kuyamba ayambe wafunsa ku ofesi yoona za nyama zakutchire.

Ndipo mwana akalumidwa chonde musatemere mphini kapena kuthira palafini, ikani kansalu konyowa kozizira n'kuthamanga naye kuchipatala, makamaka akayamba kutuluka dovu, thukuta lambiri kapena kubanika.

Amfumu pomaliza anati makontena ndisataye koma adzabwera okha kudzaona ndi maso, ndipo ndawauza abwere kukada kuti ndidzayatse katochi kaja iwo ali pompo, adzatenge ndi nduna zawo, neba wanga ujanso ndamuitana. Pa tiana 23 tija tatsala 16, tafundula kachiwiri sabata yathayi, ndipo mvula ikayamba ndikatisiya kumiyala kuseri kwa dambo komwe ndinatola mayi wake.

Wowerenga wanu,
Mlimi wa ku Santhe, Kasungu