Tiuzeninso zomwe ofufuza apeza pa zipangizo zamakono

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa chizolowezi cha nyuzipepala zathu cholemba za mwambo wopereka makompyuta ndi matabuleti m'masukulu, koma osabwererako pakapita zaka kukafunsa ngati ana adapinduladi. Akatswiri a m'mayunivesite akhala akufufuza nkhaniyi m'mayiko osauka kwa nthawi yaitali, ndipo zomwe adapeza n'zofunika kuti owerenga azidziwe.

Ku Kerala, m'dziko la India, Robert Jensen adatsatira asodzi kuyambira 1997 mpaka 2001, pamene netiweki ya foni inkafika m'madoko mwawo. Atayamba kuimba foni ali pamadzi kuti adziwe doko lomwe nsomba zikugulidwa bwino, nsomba zidasiya kutayidwa, phindu lawo lidakwera ndi 8 peresenti, ndipo mtengo kwa ogula udatsika ndi 4 peresenti. Komatu asodziwo adali kale ndi maboti komanso misika ingapo yoti asankhepo. Mlimi wa nandolo amene kwawo msewu udaduka, ndipo pamudzi pake pamafika venda mmodzi yekha, angathe kumva pafoni mtengo wa ku Limbe koma n'kugulitsabe motaya.

Za sukulu ndiye zimandikhudza kwambiri. Boma la Peru lidagawa malaputopu ochuluka zedi kwa ana a m'midzi kudzera mu ndondomeko yopatsa mwana aliyense laputopu yotchedwa One Laptop per Child, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 adapeza kuti anawo sadapite patsogolo pa masamu ndi kuwerenga. Kuno kwathu, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham adayesa mapulogalamu ophunzitsa masamu a m'matabuleti opangidwa ndi bungwe la onebillion pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2015 zidaonetsa kuti ana adachita bwino pa masamu. M'maganizo mwanga, kusiyanaku kudabwera chifukwa maphunziro a m'matabuletimo adali m'Chichewa, ndipo ana ankawagwiritsa ntchito nthawi yofanana ndi theka la ola patsiku pali wowayang'anira.

Choncho ndikupempha kuti atolankhani anu akaitanidwa ku mwambo wotere, azifunsa kuti ndani adzayese zotsatira, adzayesa liti, nanga batire likafa adzakonza ndani. Ndikupemphanso kuti mupatule malo m'nyuzipepala muno oti ofufuza a ku MUBAS, LUANAR ndi Mzuni azifotokozamo ntchito zawo m'Chichewa, kuti makomiti a sukulu ndi makolo athe kuziwerenga okha.

Ine wowerenga wanu,
Zomba