Lipoti la msonkhano wa makochi: zomwe ndatolako pa nkhani ya Parreira

A Tcheya, a komiti ndi makochi anzanga nonse, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma ku msonkhano wa makochi a matimu a achinyamata. Ndafika dzulo usiku, ndayenda bwino. Zikomo chifukwa cha ya thiransipoti ija munasonkha, malisiti ndi chenji ndapereka kale kwa a msungichuma. Za kutenthetsa thupi ndi za kusamala mwana akavulala ndidzaonetsa pa gilaundi Loweruka chifukwa zimenezo sizolemba, zimafuna kuona ndi maso. Apa ndikufuna ndikambe phunziro limodzi lokha lomwe landikhala pamtima, komanso likukhudza mkangano wathu uja wa mwezi watha wa yemwe aphunzitse timu ya Under 17.

Tsiku lachiwiri masana magetsi anathima, pulojekita osayaka, ndiye aphunzitsi athu anangotenga maka nkulemba dzina papepala lalikulu: Carlos Alberto Parreira. Kenako anafunsa kuti ndani anamuonapo ameneyu akumenya mpira. Tonse zii. Mdala wina kumbuyo anati mwina anali wotseka kumbuyo nthawi ya Pelé. Ayi ndithu, mkuluyu sanasewereko mpira waukulu olo timu imodzi, iye anaphunzira za masewero olimbitsa thupi kwawo ku Rio de Janeiro komwe anabadwa mu 1943, ntchito yake inali yothamangitsa osewera kuti akhale ndi mpweya basi.

Chomwe ine sindimadziwa nchoti ukochi waukulu anauyambira kuno ku Africa. Mu 1967 ali ndi zaka 24 zokha anapita ku Ghana kukaphunzitsa Black Stars, ndipo mu 1968 anafika nayo mu fainolo ya chikho cha Africa ku Ethiopia komwe anagonja 1-0 kwa Congo-Kinshasa. Zaka 24 abale, msinkhu wa anyamata omwe ife timawatuma kukapopa mipira. Mu 1970 anali mmodzi mwa oyang'anira mafizo a timu ya Brazil ija ya Pelé yomwe inatenga chikho cha dziko lonse ku Mexico pansi pa kochi Zagallo, ndipo aphunzitsi athu anatsindika kuti anthu amakumbukira zigoli koma timu ija inakonzekera kwa nthawi yaitali kuzolowera kutentha ndi malo okwera a ku Mexico.

Kuchoka apo wayenda mkuluyu. Kuwait anaipatsa chikho cha Asia mu 1980 nkuipititsa ku World Cup ya 1982, Fluminense ya kwawo anatenga nayo ligi mu 1984, Saudi Arabia chikho cha Asia mu 1988, United Arab Emirates ku World Cup ya 1990, Fenerbahçe ya ku Turkey ligi mu 1996. World Cup wapitako kasanu ndi kamodzi ngati kochi wamkulu, ndi mayiko 5 osiyana.

Pomwe panavuta mu holo muja ndi pa 1994. Mu 1993, Parreira ali kochi wake, Brazil inagonja 2-0 kwa Bolivia ku La Paz, koyamba m'mbiri yake kuluza gemu yodzigulira malo ku World Cup, ndipo dziko lonse linamudzukira. Anali atamusiya Romário kunja chifukwa chosamvana, koma gemu yomaliza ndi Uruguay pa Maracanã anameza mate nkumuitana, Romário nkumwetsa zigoli ziwiri zonse. Ku America mu 1994 anakatenga chikho cha dziko lonse pa mapenate ndi Italy, Baggio ataponya kumwamba, patatha zaka 24 Brazil isanachione. Koma kwawo ambiri sanasangalale naye ati mpira wake ngosakoma, wadzaza pakati ndi Dunga ndi Mauro Silva anthu ogwira ntchito m'malo mwa anthu a luso. Kochi wina wa ku Mzuzu anaimirira nkunena kuti iye angasankhe timu ya Brazil ya 1982 ya Zico ndi Sócrates olo sinatenge kanthu, ena nkumukuwiza, mpaka nthawi ya tiyi inapitirira tikukanganabe. Ine maganizo anga ndi oti Parreira anayang'ana anthu omwe anali nawo nkuwapatsa ntchito yomwe angaithe, ndipo ife ndi ana athu osewera opanda jombo tilibe chifukwa chonyozera zimenezo.

Sikuti zonse zinamuyendera. Mu 1998 Saudi Arabia inamuchotsa mpikisano uli mkati atangoluza magemu awiri, 1-0 kwa Denmark ndi 4-0 kwa France. Ndiye apa mpomwe ine ndinaika cholembera pansi: chaka chotsatira, 1999, munthu woti wanyamulapo chikho cha dziko lonse anavomera kukaphunzitsa Fluminense itagwa mpaka divishoni yachitatu, nkutenga nayo ligi imeneyo. Tangoganizani, ife pano wina akangophunzitsapo timu ya mu rijini safunanso kuoneka pa Under 14.

Za ku South Africa ambiri mukuzikumbuka, ena mwa inu munali ku Joni nthawi imeneyo. Anatenga Bafana Bafana mu 2007, nkusiya mu 2008 chifukwa akazi ake amadwala, m'malo mwake munalowa Joel Santana, kenako anabwereranso kumapeto kwa 2009. Chigoli chija cha Tshabalala pa 11 June 2010 pofanana mphamvu 1-1 ndi Mexico, pa benchi panali iyeyu. Anakwapulidwa 3-0 ndi Uruguay, anachinya France 2-1 ku Bloemfontein, komabe anatuluka mu gulupu, dziko loyamba lochititsa mpikisano kutuluka motero. Aphunzitsi sanabise zimenezi, ananenanso kuti mu 2006, ali kochi wa Brazil kachiwiri, anali ndi Ronaldo, Ronaldinho, Kaká ndi Adriano koma France inawatulutsa 1-0 mu makotafainolo, ndipo pomwe Germany inakwapula Brazil 7-1 mu 2014 anali pomwepo ngati mlangizi pambali pa kochi Scolari.

Tsono ndibwere kwathu kuno. Mwezi watha tinakana kuwapatsa timu ya Under 17 aphunzitsi a ku pulayimale aja ati poti sanamenyepo mpira wa ligi anyamata sangawamvere. Ine ndinakweza nawo dzanja pokana, ndipo lero ndikunena poyera kuti ndinalakwitsa. Bambo aja ndi okhawo amabwera ndi kope pa tirening'i, amalemba ndani wabwera ndani wavulala, amadziwa mwana amene wabwera osadya, ndipo timu yawo ya ana ang'onoang'ono siimatha mpweya chigawo chachiwiri ngati zathuzi zomwe mphindi 20 zomaliza manja amakhala ali m'chiuno.

Ndikupempha a Tcheya kuti nkhaniyi ibwerenso pa ajenda ya Loweruka tivotenso. Chachiwiri, kosi ya layisensi ya ukochi ya CAF D ikadzalengezedwa tisadzasankhe potengera kuti ndani anavalapo jezi ya timu yaikulu, tidzaone amene amapezeka pa gilaundi tsiku ndi tsiku, ndipo tiyambiretu kusonkha pang'onopang'ono panopa kuti tidzatumize awiri. Mapepala a maphunziro ndabwera nawo kope imodzi yokha, amene ali pafupi ndi fotokope andiimbire mawa m'mawa ndimupatsire.