Kwa eni shopu yokonza makompyuta pafupi ndi Bree mu Joni muno: ndibwezereni R950 yanga

Ndalemba pa tsamba lanu lino chifukwa foni simuyankha, ndipo uthenga wa pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala chete.

Ine ndine mlembi wa gulu lathu la maliro, a Malawi a ku Rosettenville ndi Turffontein, amene timasonkherana kuti mnzathu akatisiya thupi lake lipite kumudzi. Ndinachezera usiku wonse kukonza ma slide 26 a PowerPoint a msonkhano wa pachaka: amene wasonkha, amene ali ndi ngongole, kumene ndalama zapita. Cha m'ma 2 koloko laputopu inangouma, sikirini n'kukhala yabuluu, n'kuzima, osayakanso. Ndivomereretu, Save sindinadine. Amene mukufuna kundiuza zimenezo musadzivutitse, mkazi wanga anandiuza kale kokwanira.

Ndinabwera kwa inu sabata yathayi, kaya Lachiwiri kaya Lachitatu. Mnyamata wanu wovala kapusi ndinamuuza kawiri konse kuti ine sindikudandaula makinawo, ndikufuna ntchito ili m'katimo. Iye maso ali pa foni, anangoti R350 yoyezera vuto, mubwere mawa. Mawa lakelo ndinasiya ganyu, ndinakwera taxi, ndinapeza laputopu ili pomwe ndinaisiya, fumbi lokha litawonjezereka. Ulendo wachitatu akuti zatheka, onjezani R600. Ndinapereka. Kuyatsa, Windows yatsopano, yoyera ngati mbale yotsuka. Ma slide kulibe, zithunzi za ana anga kulibe, mndandanda wa mamembala kulibe.

Nditafunsa kuti anandipempha liti chilolezo chofufuta zonse, anaseka. Anatembenukira mnzake n'kunena m'Chizulu kuti madala awa sadziwa kompyuta, azingogulitsa tomato. Achimwene, ndakhala mu Joni muno zaka 11, Chizulu ndimamva bwinobwino. Ndinangokhala chete chifukwa kwathu anatiphunzitsa ulemu, phunziro limene zikuoneka kuti pashopu panu silinafike.

Chandiwawa kwambiri n'chimene ndamva pambuyo pake. Mwana wa mlongo wanga, wa sekondale chabe, wandionetsa pa kompyuta yake kuti PowerPoint imadzisungira yokha ntchito mphindi 10 zilizonse. Ukaitsegulanso itazima mwadzidzidzi, kumbali kumatuluka Document Recovery. Zikapanda kutuluka umapita pa File, Info, Manage Presentations, n'kudina Recover Unsaved Presentations. Fayilo yomwe sunaisungepo imakhala mu foda ya UnsavedFiles kwa masiku anayi. Ndipo ngakhale Windows ikane kuyaka, munthu wodziwa ntchito amachotsa hard drive, imene imasunga mafayilo onse, kuilumikiza ku kompyuta ina, n'kukopera mafayilo asanafufute chilichonse. Ndiye kuti ma slide anga anali amoyo tsiku lomwe ndinalowa pakhomo panu. Anafera m'manja mwa akatswiri, ine n'kulipira R950 ya maliro ake. Zikomo kwambiri, mwagwira ntchito yotamandika.

Abale amene mukuwerenga, tangoganizani. Lamlungu ndinaima pamaso pa anthu oposa 40 ndi kabuku kolemba pamanja, kufotokoza za ndalama za maliro. Mukudziwa mmene nkhani ya ndalama imakhalira pakati pathu. Mlembi akanena kuti kompyuta yafufuta zonse, anthu amayang'anana. Mayi wina anachita kufunsa mokweza ngati kompyutayo inadyanso ndalama. Mbiri yanga ndaimanga zaka zambiri, yadetsedwa ndi mwana amene sanafune n'kundiyang'ana kumaso.

Za taxi R108 ndi masiku a ganyu amene ndinataya, zisiyeni, ndakukhululukirani. Koma R950 ndikuifuna yonse, ndipo mnyamatayo apepese pamaso panga, m'chilankhulo chilichonse chimene angasankhe. Malisiti onse awiri ndili nawo, ndipo palibe pamene ndinasayina kuti mufufute mafayilo anga. Likadutsa Lachisanu muli chete, ndikupita ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, kumene sikufunika loya, ndipo musaganize kuti poti ndine mlendo ndiopa khoti, mapepala anga ali bwino. Uthenga uno ndiutumizanso m'magulu onse a WhatsApp a a Malawi, kuyambira ku Yeoville mpaka ku Mayfair, pamodzi ndi chithunzi cha chitseko chanu. Mukaufufuta pano, ndaujambula kale. Ulendo uno Save ndadina.