Akalipentala anzanga, tchizulo tizikasulitsa kwa osula athu omwewa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi akalipentala anzanga komanso osema ziboliboli pa nkhani ya zida zomwe timagwirira ntchito, chifukwa ndalama tikutaya zambiri pogula zinthu zonyezimira zosagwira ntchito pomwe anthu otha kutisulira zida zolimba ali konkuno, kuseri kwa misika yathu komwe nyundo imayamba kulira dzuwa lisanatuluke.

Aliyense wogwira matabwa akudziwa matchizulo aja amabwera anayi mu kapulasitiki, zogwirira zachikasu, owala ngati galasi. Pa paini amayesako ndithu. Koma muike pa mlombwa wouma kapena mbawa kuti muboole motisi ya chitseko, bowo lija lolowetsamo thabwa linzake, kumenya kangapo basi msonga yapindika, kunola, kumenyanso yapindikanso, tsiku lonse kumathera pa mwala wonolera mmalo mwa ntchito, kasitomala uku akuimba foni kuti chitseko changa chili pati. Ena amalembapo dzina lofanana ndi Stanley, kampani yotchuka ya zida, kungosintha chilembo chimodzi kuti wosaonetsetsa agwe nazo. Mukabwerera nazo ku shopu amakuonetsani pa lisiti pomwe palembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, nde mukadandaula kwa ndani poti yemwe anapanga simukumudziwa ndipo iyenso sakudziwa kuti kuli inu.

Ogulitsawo sindikuwada kwenikweni. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, madola akusowa, ndiye munthu woitanitsa katundu kunja amasankha chotchipa chomwe chituluke msanga pa shelefu. Zida zabwino zenizeni zilipo mmashopu ena koma mtengo wake kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango sangaufike.

Tsono tiyeni kwa osula. Ku Ndirande aliko, ku Mchesi aliko, ngakhale mmisika ya kumudzi tsiku la msika mumawapeza atayala makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi tiakasemasema pa thumba. Anthu timawaona ngati a makasu basi, koma wosula wodziwa ntchito mukamufotokozera bwino amakusulirani tchizulo ya saizi yomwe mukufuna, yopyapyala ya motisi, yokhota ngati supuni yokumbira mkati mwa mbale kapena mtondo, sompho yolemera molingana ndi dzanja lanu. Chitsulo chomwe amakonda ndi sipuling'i ya galimoto, zija zosanjikizana za kumbuyo kwa lole kapena pikapu, ndipo sikuti amangotola chifukwa chosowa ayi, chitsulo chimenechi chili ndi kaboni wokwanira moti chikapsa n'kuviikidwa chimalimba. Chitsulo cha mabagala kapena cha mageti chija ngakhale muchiviike kangati sichilimba mokwanira kudula mtengo, chimangooneka bwino basi.

Ngati muli ndi nthawi khalani pompo muone mmene akupangira, mudziwa msanga ngati ali mmisiri kapena wongofuna ya ndiwo. Mwana amapukusa wilo la njinga lomwe limayendetsa kachipupizo, makala amayaka mpaka chitsulo chifiire, amachisula pa chitsulo chachikulu, kubweza pamoto, kusulanso mpaka chitenge maonekedwe. Pamene pagona nkhani ndi pomaliza. Amatenthetsa msonga mpaka kufiira kenako kuviika mu oilo wakutha wa injini, utsi kuti tolo, apa chitsulo chalimba kwambiri koma n'chosachedwa kuthetheka, mutachimenya chonchi chimabenthuka. Ndiye wodziwa amapala pang'ono kuti pawale n'kuchitenthetsanso pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo akuyang'anitsitsa mtundu ukuyenda kulowera ku msonga, ukangofika mtundu wa udzu wouma amaziziritsa pompo. Akachedwa mpaka pachite buluu ndiye kuti chafewa, chimenecho n'chabwino ku sipuling'i osati ku tchizulo. Wosula amene amadumpha sitepe yachiwiriyi mukamuona ingotsanzikani mwaulemu.

Pogula zosula kale nyamulani tupa m'thumba. Kwechani pa msonga, tupa ikamaterereka osagwira ndiye kuti chitsulo chalimba, ikamadya ngati mukupala msomali chisiyeni. Yang'anani ngati pali timing'alu pafupi ndi msonga, ndipo kumsana kwa tchizulo kukhale kowongoka chifukwa kukakhala kokhota simudzadula mzere woongoka ngakhale munole bwanji. Tenganinso kachidutswa ka thabwa lolimba muyesere pamaso pake, wosula wodzidalira sakana, amene akukwiya ndi tupa yanu akudziwa chomwe wapanga. Mpini musadandaule nawo, tonse ndife amisiri a mitengo, ikani wanu ndipo kumutu kwake muvekeko kamphete kodula ku paipi kuti usang'ambike ndi hamala.

Sindikunena kuti chilichonse tizigula kwa osula, tisanamizane. Sowo yabwino, tepi, sikweya, thupi la puleni lachitsulo lija, izi zimafuna makina ndipo tizigulabe ku hadiweya kapena kusaka zakale za Stanley ndi Record zomwe madala athu anasiya, zimene zija ngakhale zachita dzimbiri mukazitsuka zimagwira kuposa zatsopano zambiri. Koma mpeni wa mu puleni wosula atha kupanga, ndipo thupi lamtengo kalipentala aliyense wodekha atha kudzipangira. Palinso vuto lina loti tisalibise, zitsulo zina zomwe zimafika kwa osula ndi zakuba, za njanji, za milatho, zotsekera maenje a mumsewu. Ine njira yanga ndi yoti sipuling'i ndimakagula ndekha ku galaja komwe ndikudziwa kuti yachoka pa galimoto yakufa, n'kupita nayo, kulipira ntchito yokha. Zimatchipanso.

Chomwe chimandipweteka n'choti kunja anthu zimenezi amazilemekeza. Ku Sweden kuli kampani ya nkhwangwa ya Gränsfors Bruk, nkhwangwa iliyonse imadindidwa zilembo zoyamba za dzina la munthu amene waisula, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri podziwa kuti yadutsa mmanja mwa mmisiri wakutiwakuti. Ku America Thomas Lie-Nielsen anayamba mu 1981 kupanga mapuleni amene makampani akuluakulu anali atasiya, kashopu kakang'ono ku Maine, lero akalipentala a mayiko ambiri amachita kusungira ndalama kuti agule. Ife kuno kusula sitinaphunzire dzulo, ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zikuonekabe ku nkhalango ya Kasungu, Aphoka kumpoto ankadziwika ndi makasu awo, ndipo Livingstone atafika ku chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusula kale. Koma lero wosula ndi munthu amene timamunenerera mtengo mpaka atsale ndi ya makala okha, kenako tikalowa mu shopu ya magalasi timapereka zomwe zalembedwa osatsutsa ngakhale pang'ono.

Nde pempho langa loyamba likupita kwa osula eni ake, chonde yambani kudinda chizindikiro pa zida zanu. Sizifuna ndalama, kachitsulo kamodzi kosema chilembo kapena kanyenyezi, kumenya kamodzi chitsulo chikadali chofiira. Panopa nkhwangwa yabwino ndi yoipa zimagona pa thumba limodzi kwa wogulitsa yemwe sanasule ndi iye, ndiye wogula akapsa kamodzi amati zonse zachikuda n'zabodza, pomwe pakanakhala chizindikiro tikanamauzana kuti za kanyenyezi zija ndiye zenizeni ndipo waulesi akanaonekera. Ikathyoka timadziwanso kobwerera, poti ubwino waukulu wa wosula ndi umenewu, mumamupeza pomwe munamusiya, amaibweza pamoto n'kukukonzerani mukucheza.

Lachiwiri likupita ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za manja. Bungweli lilipo kuyambira 1999 ndipo ana ambiri aphunzira ukalipentala kudzera mmenemo, koma mwana akamaliza kozi n'kulandira bokosi la zida, bwanji matchizulo ndi sompho za mmenemo osaitanitsa kwa osula a mdera lomwelo atayesedwa kaye? Komanso kamaphunziro kakafupi ka kalimbitsidwe ka chitsulo kwa osula omwe ali kale pa ntchito kangasinthe zambiri, ambiri luso la nyundo ali nalo, chomwe chimasiyanitsa ndi pa moto pomaliza paja. Boma linakhazikitsa Buy Malawi Strategy, ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa konkuno, mu 2016 ndipo timamva za chitenje Lachisanu, za sopo, za tiyi, koma za zida za amisiri sindinamvepo wina akuzitchula. Osema a ku Mua, komwe malo a Kungoni akhala akuphunzitsa zosemasema kuyambira 1976, ndi ena onse amene amagulitsa mipando yachifumu ndi ziboliboli za phingo kwa alendo, afunseni kuti kasemasema amagula shopu iti, ambiri akulozerani kwa wosula.

Kwa akalipentala anzanga, mukapita musamangoti ndipangireni tchizulo. Jambulani pa katoni saizi yake, nenani mtengo womwe muzidula chifukwa ya phingo ndi ya paini sizinoledwa mofanana, perekani theka la ndalama agulire makala, ndipo mupatseni masiku angapo osati kumuimirira pamutu kuti mukufuna lero lomwe.

Ndine wanu,
Kalipentala wa ku Bangwe, Blantyre